Akalulu m'nyengo ya chisanu: tiziwalowetsa m'nyumba kapena akhale kunja?

Tiyamike: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi akalulu awiri, wamkazi ndi wamwamuna, onse anachitidwa opaleshoni yoti asabereke. Chiwatengereni amakhala m'khola kuseri kwa nyumba, ndipo aka n'koyamba kuti chisanu chiwapeze ali m'manja mwanga. Azanyengo akuti sabata yamawa kudzazizira mpaka madzi kuundana. Ndikuganiza zoti madzulo ndiziwalowetsa pabalaza pomwe pali hita, m'mawa n'kumawabwezera kukhola. Alipo amene amachita zimenezi? Ndikawaona ataunjikana pakona mtima umandiwawa.

A Mbewe: Takulandirani achemwali. Chimene mukufuna kuchitacho ndiye ndikuletseni msangamsanga. Kalulu amene wakhala kunja kuyambira nthawi yotentha, thupi lake linakonzeka kale. Masiku akayamba kufupika amathothola ubweya wopyapyala uja n'kumera wina wothithikana. Mukamugoneka pafupi ndi hita ali ndi ubweya umenewo amavutika ndi kutentha, ndipo kalulu satuluka thukuta ngati ife. Ndiye m'mawa, nthawi yomwe kunja kumazizira kwambiri, inu n'kumuchotsa pa madigiri 22 kukamuika pa 0. Kusinthasintha kumeneko n'kumene kumadwalitsa. Sankhani chimodzi. Akhale kunja nyengo yonse m'khola lokonzedwa bwino, apo ayi alowe mkati nyengo yonse, m'chipinda chosayatsa hita, mpaka kunja kutafunda.

Chifundo: Ine ndimayesa a Mbewe anena kuti muwalukire timajuzi 😂

Nangozo: Timajuzito ayi a Chifundo, ngakhale mukuseka. Alipo amene amawaveka, zithunzi n'kumayenda pa Facebook, anthu n'kumaombera m'manja. Kalulu wovala juzi sangadzinyambite bwino, sangafikire ndowe zofewa zija amadya zikungotuluka, ndipo akayamba kuphiriphitha kuti aivule akhoza kuvulala msana.

Mayi a Dalitso: Pepani, ine ndisiyana nanu pang'ono. Anga amakhala m'nyumba chaka chonse, amagona pansi pa tebulo, ali ndi kabokosi kawo kodzithandizira. Sindimvetsa kuti munthu n'kugona tulo tabwino utafunda mabulangete awiri, chiweto chako chili panja madzi akuundana. Ngati timawakonda, bwanji osangowalowetsa basi?

A Mbewe: Amayi, palibe amene akukutsutsani. Anuwo ndi a m'nyumba, ndipo inuyo musayerekeze kuwatulutsa kuti akagone panja nthawi ino, chifukwa ubweya wa chisanu sanamere. A achemwali athuwa ndi ena. Akalulu onse amene timawetawa makolo awo ndi akalulu akutchire a ku Spain ndi ku Portugal, amene amakumba mauna n'kumakhala pansi pa nthaka ambirimbiri. Kuunako mphepo siifika, mvula siifika, ndipo sikuzizira ngati pamwamba. Kuzizira kokha kalulu wathanzi amakupirira. Chimene sapirira ndi kunyowa ndi mphepo yolowa pamene wagona. Khola lathu ndiye lizigwira ntchito imene una umagwira. Anthu ambiri amathamangira kutenthetsa, pamene ntchito yeniyeni ndi kuumitsa ndi kutchinga.

Mayi a Dalitso: Ndamva a Mbewe, komabe ine mtima wanga sungalole.

Namwino wa Ziweto: Mundilole ndiikepo manambala, mwina athandiza. Thupi la kalulu wathanzi limatentha pakati pa madigiri 38.5 ndi 40, kuposa la munthu. Malo amene amamva bwino kwambiri ndi a madigiri 10 mpaka 20. Kukatentha kupitirira 25 amayamba kuvutika, kukafika cha m'ma 30 akhoza kufa kumene. Ndiye pa ziwirizi choopsa kwambiri ndi kutentha. Koma Mayi a Dalitso sakulakwitsa konse, chifukwa si kalulu aliyense amene angagone kunja pa chisanu. Wokalamba, woonda, wodwala, mwana wamng'ono, amene wangometedwa kumene chifukwa cha opaleshoni, ndi amene amakhala yekhayekha, amenewo alowe. Timitundu ting'onoting'ono ngati Netherland Dwarf, amene amangolemera cha pa kilogalamu imodzi, timazizidwa msanga kuposa chimphona ngati Flemish Giant. A mtundu wa Rex ubweya wa kumapazi ndi wochepa, akaponda ponyowa sachedwa kuchita zilonda. A Tiyamike, anuwo ndi a msinkhu wanji?

Tiyamike: Ali ndi zaka ziwiri onse, ndi apakatikati kukula kwake, ndipo kudya ndiye sanyengerera. Ndiye kholalo ndiliyambire pati?

Nangozo: Yambani ndi denga. Mvula ikagwa, mawa lake pisani dzanja m'makona onse a mkati. Pakakhala ponyowa, pezani podonthapo mutseke. Kenako onani pansi. Khola lisakhale chogunda nthaka, liikeni pa miyendo kapena pa njerwa kuti chinyezi chisakwere m'matabwa. Litembenuzeni kuti khomo lisayang'ane kumene mphepo imachokera kawirikawiri, ndipo likakhala pafupi ndi khoma ndiye bwino kwambiri, bola musiye kampata kuti mpweya uzidutsa kumbuyoko.

Pogona pake ndiye pamene ine ndimatherapo nthawi. Ndimatenga katoni yolimba, yoti awiriwo akwanemo koma yosakula kwambiri, ndimaboola makomo awiri, chifukwa kalulu sakhulupirira malo a khomo limodzi, komanso wina asamatsekereze mnzake. Pansi ndimayala manyuzipepala ambiri, pamwamba pake mapesi ouma a tirigu kapena a barele, osati kungowaza, koma kudzaza mpaka katoniyo ioneke ngati mulibe malo. Iwo eni amalowa n'kukankhakankha, n'kudzipangira kadzenje kozungulira pakati. M'mawa mukapisa dzanja m'kadzenjeko mumamva kufunda ngakhale kunja zala zikuuma. Katoniyo adzaitafuna, musadandaule, mudzangoika ina.

Chifundo: Nanga udzu wouma umene amadya uja sungagwire ntchito yomweyo? Mapesi n'kuwafuniranji?

Nangozo: Ungagwire, koma mapesi amafunditsa kuposa, chifukwa ndi a mphako mkati ndipo amasunga mpweya. Sayamwanso madzi msanga. Udzu wouma umaphwathalala, umayamwa chinyezi, n'kuyamba nkhungu. Komanso amaudya, ndiye pofika pakati pa usiku mphasa yatha. Ikani zonse ziwiri, mapesi ogonapo, udzu wodya pambali pomwepo kuti asatuluke kukaufuna pozizira.

Tiyamike: Ndili ndi mabulangete akale ambiri, ndimati ndiwayalire mkatimo.

A Mbewe: Mkati ayi. Bulangete likangonyowa ndi mkodzo limakhala lonyowa usiku wonse, mwinanso kuuma gwa ndi chisanu, kalulu n'kugona pomwepo. Chinanso amalitafuna, ulusi n'kukatsekereza m'matumbo, ndipo kalulu sasanza, chimene chalowa chalowa. Bulangetelo liyaleni kunja pamwamba pa khola ndi m'mbali, pamwamba pake muike lona kuti lisanyowe, ndipo mulikoke pomwe mano sangafike kudzera pa waya.

Koma apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene anthu achikondi amapwetekera ziweto zawo. Musakulunge khola lonse ngati katundu wa paulendo. Kutsogolo kutsale mpata woti mpweya uzilowa ndi kutuluka, usiku womwe. Mkodzo wa kalulu umatulutsa mpweya woluma m'mphuno uja, ndipo m'khola lotsekedwa ndi pulasitiki umangozungulira momwemo limodzi ndi nthunzi ya kupuma kwawo. M'mawa mumapeza madontho ali lende kudenga mkati. Kalulu amapumira m'mphuno basi, ndiye mphuno zikalumidwa usiku ndi usiku chimfine chimayamba. Njira yodziwira ndi yosavuta. Gwadani pansi, lowetsani mutu pakhomo la khola, mphuno yanu ifike pomwe pamafika ya kalulu. Maso akayamba kuwawa, dziwani kuti iye wakhala akupuma zimenezo usiku wonse.

Namwino wa Ziweto: Zoona zimenezo. Nthawi ya chisanu amene amabwera kwathu kuno akuyetsemula, mamina oyera ali m'mphuno, ubweya wa kumiyendo yakutsogolo utamatana chifukwa chopukutira, ambiri amachokera m'makola otsekedwa kwambiri kapena osasesedwa. Kachilombo kotchedwa Pasteurella akalulu ambiri amakhala nako osadwala, kamangodikira mpata woterewu. Kona imene amakodzera muzichotsa zonyowa tsiku lililonse, osadikira tsiku lochapa khola lonse. Utuchi wafumbi nawonso upeweni.

Wongani: Ndikutsatira mwachidwi. Ine ndili ndi galaja, ndingawasamutsire mmenemo?

Nangozo: Ngati simulowa galimoto, ndi malo abwino kwambiri, chimodzimodzi shedi. Mphepo ndi mvula zatchingika koma simukutentha. Ngati galimoto imalowamo, ayi ndithu, utsi wake umapha ngakhale injini italira kanthawi kochepa. Muonenso pansi ndi m'mashelefu. Mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana aja ndi poizoni woopsa, ndipo akadontha pansi ziweto zimanyambita. Kukhale kawindo kolowetsa kuwala, asakhale mumdima miyezi yonseyo.

Chifundo: Chabwino, hita mwakana, juzi mwakana, bulangete mwakana. Nanga babu lotenthetsa lija amaikira anapiye? Kapenanso limenelo ndi mlandu?

A Mbewe: Achimwene, tangoganizani. Mapesi ouma odzaza khola, matabwa ouma, babu lamoto pamwamba, ndi kanyama kodumpha kamene ntchito yake ndi kutafuna waya uliwonse kamene kauona. Inuyo mungagone?

Chifundo: Ndangofunsa bambo 😅

Namwino wa Ziweto: Ngati mukufunadi kuwaonjezera kafundidwe usiku wozizira kwambiri, pali timbale tolimba totenthetsa mu microwave topangira ziweto, timasunga kufunda kwa maola angapo. Muzikaika m'chikwama chake, pansi pa mapesi, mbali imodzi yokha kuti akafuna achokepo. Botolo la labala la madzi otentha ayi, akaliluma apsa, kenako agona ponyowa. Koma chofunditsa choposa zonse a Tiyamike ali nacho kale, ndicho kalulu wachiwiriyo. Kuunjikana pakona kumene kukukuwawitsani mtimako, iwo ndi mmene amafunditsirana.

Wongani: Wanga ndi mmodzi. Ndiye ndikangogula wina mawa n'kuwaphatikiza?

Namwino wa Ziweto: Mnzake akufunikadi, koma osati kungomuponyera m'khola. Akalulu osadziwana amamenyana mpaka kung'ambana makutu ndi mimba. Onse ayambe achitidwa opaleshoni, muwazoloweretse pang'onopang'ono pamalo pamene si pa aliyense wa iwo, inu muli pomwepo. Zimatenga nthawi. Pakadali pano wanuyo alowe mugalaja muja. Ndipo musamupatse mbira ngati mnzake, sizimvana chinenero, chakudya chake n'chosiyana, ndipo kalulu akhoza kuivulaza kapena kuipatsira matenda.

Nangozo: Palibe amene watchula madzi, pamene ndi amene amagwetsa akalulu ambiri nthawi ino. Botolo lija la kampopi kachitsulo limanyenga. Mukaliyang'ana madzi ali bwinobwino, akugwedezeka, koma kampira ka kunsonga kaundana kalekale, ndipo kalulu wakhala akunyambita chitsulo chouma. Musamangoyang'ana, muzikankha kampirako ndi chala mpaka dontho lituluke. Khalani ndi mabotolo awiri, lina lili m'nyumba, muzingosinthanitsa m'mawa ndi madzulo. Kuliveka sokosi yochindikala kumachedwetsako kuundana koma kampopi kamakhalabe pamtunda. Ine ndimaikanso mbale yolemera yadothi mkati, kufupi ndi pogona, chifukwa m'mbale amamwa ambiri. Madzi akhale ofunda pang'ono chabe, osati otentha. Musathiremo mchere kapena shuga poti asaundane.

Mayi a Dalitso: Amene mumaika mbale mukhale tcheru ngati kalulu wanu ndi wa makutu ogwa aja. Nsonga za makutu zimaviikidwa m'madzi akamamwa, ndiye panja pozizira si nkhani yabwino.

Namwino wa Ziweto: Eya amayi, makutu ndi amene amayamba kupsa ndi chisanu, chifukwa ndi opyapyala ndipo ubweya ndi wochepa. Kwa otere mbale ikhale yopapatiza kukamwa, kapena muzipukuta makutuwo. Za kuchuluka kwa madzi, kalulu amamwa pafupifupi mamililita 50 mpaka 150 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Nthawi ino amadya zouma zambiri, ndiye ludzu silichepa ayi. Akasowa madzi amasiya kudya udzu, akasiya kudya matumbo amaima, ndipo kalulu matumbo akaima zinthu zimaipa mofulumira.

Tiyamike: Nanga chakudya ndionjezere? Mnzanga wina akuti ndiziwapatsa buledi ndi makaroti ambiri kuti anenepe.

A Mbewe: Buledi musiyireni mnzanuyo. Makaroti ali ndi shuga wambiri, kachidutswa mwa apo ndi apo basi. Chimene muonjezere ndi udzu wouma, usamathe m'khola usana ndi usiku. Tsiku lililonse kalulu azidya mulu waukulu ngati thupi lake lomwe, ndiwo umayendetsa matumbo ndi kuperesa mano, paja mano ake samasiya kukula. Chakudya cha timibulu chija mukhoza kuonjezera pang'ono kwa ogona kunja, poti thupi likugwira ntchito yambiri kudzifunditsa. Masamba amene agwidwa ndi chisanu kapena oundana musawapatse, amawasokoneza m'mimba.

Ndiponso musakhulupirire maso. Ubweya wa nthawi ino umabisa kuonda. Muziwasisita pamsana ndi m'chiuno, mafupa akayamba kubaya m'manja ndiye kuti akutsika. Amene ali ndi sikelo aziwayeza kamodzi pa sabata.

Wongani: Ndinamva kuti kukazizira kwambiri akalulu amagona tulo tatitali osadya, ngati nyama zina zija. N'zoona?

Namwino wa Ziweto: Bodza limenelo, ndipo ndi loopsa. Kalulu sagona tulo ta chisanu. Mukamupeza ali lefu, osafuna kusuntha, makutu ndi mapazi zili zii, wakana ndi chimene amachikonda, ameneyo wadwala ndipo ndi wothamanga naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Akatha maola 12 osadya kapena osachita ndowe, musadikire kuti kuche. Pokonzekera ulendowo mufunditseni pang'onopang'ono. Mukulungeni m'thaulo lofunda, ngati wanyowa mupukuteni, mumufungatire kapena muike botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu pambali pake. Osamuviika m'madzi otentha, osamuyandikiza pamoto, osamukakamiza kumeza kanthu ali wolefuka choncho chifukwa akhoza kutsamwa. Akamapuma ndi kukamwa ndiye kuti zafika poipa kwambiri.

N'chifukwa chake ndimati kusesa kwa tsiku ndi tsiku kuli ndi phindu lina. Mumaona ndowe. Zikayamba kuchepa, kapena kukhala ting'onoting'ono touma, mwadziwa msanga kalulu asanagwe.

Chifundo: Gulu lino lokha ndi limene anthu amakambirana za ndowe mwaulemu chonchi.

Nangozo: Ndipo sitinathe a Chifundo 😂 Koma tiyeni tikambeko za adani. Nthawi yozizira nyama zolusa zimakhala ndi njala, zimalimba mtima kufika pakhomo. Nkhandwe, agalu, amphaka, ngakhale makoswe amene amabwera kudzafuna pofunda ndi chakudya chotayikira. Waya wopyapyala wa khola la nkhuku uja saletsa kanthu, nkhandwe imaung'amba, kalulu yemwe amaudula. Pamafunika waya wolimba wowotcherera, wa mabowo ang'onoang'ono. Timatabwa tozungulira totsekera chitseko tija nkhandwe imatikankha ndi mphuno, ikani loko wolowetsa. Matabwa akanyowa n'kuuma amafufuma ndi kupindika, ndiye muziona ngati zitseko zikutsekekabe bwino. Chakudya chotsala muzichotsa madzulo, thumba lake lizikhala m'chidebe chotseka.

A Mbewe: Ndipo chilombo sichichita kufunika kulowa kuti chiphe. Kungozungulira khola usiku, kalulu amene alibe pobisala akhoza kufa ndi mantha kapena kudzivulaza podziwombetsa ku waya. Katoni ija a Nangozo ndi pothawiranso.

China chimene ndimaona n'chakuti kukazizira anthu amawatsekera m'kakhola miyezi yonse, ati kuwateteza. Kalulu amafunda ndi kuthamanga. Bungwe la ku Britain la Rabbit Welfare Association and Fund limalangiza kuti akalulu awiri akhale ndi malo osachepera mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi ndi 1 kupita m'mwamba, oti azifikako nthawi iliyonse. Bwalo lawolo mulifolere mbali ina kuti pakhale pouma. Ngakhale kutagwa chipale chofewa ena amakonda kukumbamo, palibe vuto, bola azitha kubwerera okha pouma, ndipo asagone ali chinyowere. Kuwasambitsa ndiye musayese n'komwe.

Mayi a Dalitso: Funso langa ndi la katemera. Poti udzudzu wapita, kodi si bwino kudikira mpaka kutafunda?

Namwino wa Ziweto: Musadikire amayi, ngakhale anu a m'nyumbawo. Nthenda ya akalulu yotchedwa Myxomatosis imafalitsidwa ndi udzudzu, inde, komanso ndi utitiri, ndipo utitiri m'nyumba yofunda sufa. Matenda enawo, RHD, amene amaononga chiwindi n'kupha mwadzidzidzi, anaonekera koyamba ku China mu 1984, ndipo mtundu wake wachiwiri, RHDV2, unapezeka ku France mu 2010 n'kufalikira m'mayiko ambiri. Kachilombo kake n'kolimba, kuzizira sikukapha, kamakhala miyezi pa zinthu ndipo kamalowa m'nyumba pa nsapato, pa zovala kapena pa udzu. Akatemera amasiyana dziko ndi dziko, ndiye funsani dokotala wa ziweto wa kwanuko kuti alipo ndi ati, ndipo tsiku lobwereza likakwana pitani, kaya kukuzizira.

Tiyamike: Zikomo kwambiri nonse, makamaka a Mbewe ndi a Nangozo. Mabulangete apita padenga, mawa ndikasaka mapesi.

Yamikani: Pepani akuluakulu ndalowerera nkhani ya eni, koma ndili pa vuto pompano. Kalulu wanga waswa usiku wathawu, sindimadziwa n'komwe kuti ali ndi bere. Ana ena ali m'chisa cha ubweya, koma kamodzi ndakapeza pakona kali zii, sikakusuntha. Mayi wake sakulabadira, wangokhala uko akudya. Kafa kameneka? Ndipo akuti ukakagwira ndi manja mayi amakakana.

Nangozo: Katoleni msanga achimwene, za kukana zija zisiyeni. Kaikeni pakhungu panu mkati mwa malaya, pachifuwa, mukafunditse ndi dzanja. Tiana ta kalulu timabadwa topanda ubweya, maso otseka, ndipo tikazizidwa timaoneka ngati tafa tisanafe. Musakapatse mkaka, musakayandikize pa hita.

A Mbewe: Mayiyo musamuweruze. Kalulu sanyamula ana ake ngati mphaka, kamwana kakagwa kunja kwa chisa alibe njira yokabwezera. Nthawi zambiri kamatuluka kali chikakamire kubere iye akamadumpha. Safungatiranso ana, amangobwera kudzayamwitsa kamodzi kapena kawiri patsiku kwa mphindi zochepa, kawirikawiri usiku. Chimene chimawafunditsa ndi ubweya umene anadzizula uja ndi kuunjikana kwawo.

Yamikani: Kayamba kugwedeza timiyendo! Ndikabwezere tsopano?

Namwino wa Ziweto: Dikirani mpaka kafunde thupi lonse ndipo kazinyanyuka mwamphamvu, mukakabweza kozizira kazizizitsa anzake. Kenako kaikeni pakati pa enawo, mubwezere ubweya pamwamba. Chisacho chikhale m'kabokosi kokhala ndi mpanda wokwera pang'ono pakhomo, woti mayi adumphe koma ana asagubuduzike, ndipo khola lonselo mulisamutsire mushedi kapena m'chipinda chopanda mphepo. Mawa m'mawa muwaone timimba, oyamwa bwino timakhala tozungulira, khungu losakwinyika. Maso adzatsegula pakatha masiku 10 kapena kupitirira pang'ono. Bambo wake ali kuti?

Yamikani: Ali momwemo limodzi.

Namwino wa Ziweto: Mutulutseni lero lomwe. Wamkazi amatha kutenganso bere tsiku lomwe waswa, ndipo pakangotha masiku pafupifupi 31 mudzakhala ndi chisa china pakati pa chisanu, awa asanaleke kuyamwa. Muikeni m'khola lakelake pafupi, loti azionana ndi kununkhizana koma osafikirana, ndipo poti akhala yekha mumudzazire mapesi ambiri. Mukakamuchititsa opaleshoni musafulumire kumubweza, amatha kuberekabe mpaka masabata 6 opaleshoniyo itachitika.